Masenti asanu pa tani ya malasha

M'nyumba za m'mapiri a kum'mawa kwa Kentucky, ku America, muli phokoso limene ndimalimva ndisanagogode n'komwe. Ndi la makina opereka mpweya kwa munthu amene mapapo ake anatha. Makinawo amalira chapansipansi usana ndi usiku, kapaipi kake n'kumakwawa pansi kuchokera kuchipinda mpaka pampando wa mwini nyumba, kukwera pachifuwa kukalowa m'mphuno. Ine ndine namwino woyendera odwala m'makomo. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwathu ku Malawi, ndinagwira zaka zisanu ndi ziwiri pachipatala china cha boma, ndipo kuno ndinafika mu 2012. Odwala anga ambiri ndi azibambo amene unyamata wawo wonse unathera pansi pa nthaka akukumba malasha. Fumbi linakhazikika m'mapapo n'kuwaumitsa, moti munthu pochoka pabedi kupita kubafa amaima kawiri panjira kuti apezeko mpweya. Matendawa kuno amawatcha mapapo akuda, ndipo sachizika. Chifuwa chamtunduwu si chachilendo kwa ine. Agogo anga aamuna anapita ku Joni pa Wenela, anabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chimene chinawatenga ine ndili sitandade 4.

Bambo ena amene ndinawasamalira zaka zinayi anagwira mumgodi zaka 29. Poyamba sankandilankhula, ankangotambasula mkono kuti ndiwayeze, maso ali pa TV. Munthu wakuda wolankhula Chingelezi cha kwathu sanali wozolowereka m'chigwa chimenecho. Chinatigwirizanitsa ndi nkhani ya agogo anga ija. Atamva kuti ndine mdzukulu wa munthu wakumgodi, anauza akazi awo kuti atsitse chitini cha mabisiketi chimene chinkakhala pamwamba pa kabati. M'chitinimo munali zithunzi, mapepala a ukwati, ndi kakhadi kofiirira ndi ukalamba, kong'ambika m'mbali. Kanali ka bambo awo. Anandipatsa kuti ndikagwire, n'kunena mopumira m'mwamba kuti, "Kakhadi aka kanandigoneka m'chipatala mwezi wathunthu nditathyoka mwendo ndili mwana, bambo osalipira kalikonse. Mu 1962 kunabwera kalata imodzi yokha, basi kanasanduka pepala wamba."

Umu munali mu 2016, chaka cha zisankho. Pabwalo pa nyumba yawo anali atazika chikwangwani cha chipani chimene chinkalonjeza kufafaniza lamulo la zaumoyo la mu 2010, lija anthu amalitcha Obamacare. Chonsecho ine ndinkadziwa kuti mwana wawo wamkazi anayamba kupeza jakisoni wokwanira wa matenda a shuga kudzera m'lamulo lomwelo, komanso kuti ndalama za chipepeso cha mapapo akuda zimene iwowo ankalandira mwezi ndi mwezi zinatheka chifukwa cha ndime ina ya m'lamulo lomwelo. Ndinkatuluka m'nyumbamo mtima ukuwawa, n'kumadzifunsa kuti munthu angakwirire bwanji chitsime chimene iye mwini akutungapo. Kakhadi kaja ndi kamene kanandisiyitsa kuweruza. Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikutolera mbiri ya chithandizo cha odwala m'mapiri amenewa, ina m'mabuku a kulaibulale, ina pakamwa pa eni ake.

Inu a kwathu muyenera kudziwa kaye chinthu chimodzi. Kwathu ukadwala umatenga kabuku ka kuchipatala n'kupita kwa boma. Mwina ukapeza mankhwala kulibe, mwina ukagona pansi, koma palibe amene adzakutumizire kalata ya ngongole. Ku America chithandizo chimagulidwa, ndipo kugonekedwa masiku atatu kungadye malipiro a miyezi ingapo a munthu wamba. Choncho aliyense amafunika inshuwalansi, monga ena kwathu alili pa MASM, ndipo ambiri a msinkhu wogwira ntchito amaipeza kwa owalemba ntchito. Ntchito ikatha, inshuwalansi yatheranso pomwepo. Mwambo umenewu palibe anachita kuukhalira pansi n'kuukonza. Unabadwa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, boma litaletsa makampani kukweza malipiro. Polimbirana antchito, makampaniwo anayamba kuwakopa ndi inshuwalansi. Mu 1954 lamulo la misonkho linatsimikiza kuti ndalama zimenezo zisamadulidwe msonkho, ndipo chimene chinali chongodutsira nthawi ya nkhondo chinamera mizu mpaka lero.

Kumapiri kuno nkhani inayamba kale kuposa pamenepo. Mu 1925 mayi Mary Breckinridge anafika m'boma la Leslie, kumene njira zinkatsata mitsinje ndipo galimoto sinkafikako. Mayiwa anali ataika m'manda ana awo onse awiri. Anali atakaphunzira kale uzamba ku London, n'kukaonanso mmene anamwino ankafikira anthu m'mapiri ndi m'zilumba za ku Scotland. Pobwerako anayambitsa bungwe la Frontier Nursing Service, la anamwino azamba oyenda pa mahatchi, ambiri mwa iwo ochokera ku Britain, zida zili m'matumba a zikopa. Banja linkapereka dola imodzi pachaka, kubadwitsa mwana kunali madola asanu, ndipo wopanda ndalama ankapereka mazira, nkhuku, chakudya cha mahatchi kapena mphamvu zake pantchito. Mu 1928 anatsegula chipatala ku Hyden. Amayi omwalira pobereka m'manja mwa azamba amenewa anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi America yense wa nthawiyo. Ndikamayendetsa galimoto m'misewu yokhotakhota ya kuno mvula ili pamsana, ndimawaganizira akazi amenewo akuwoloka mitsinje yodzaza usiku, nyali ili m'manja. Koma chimene ndikufuna muone ndi dola imodzi ija. Anthu a m'mapiriwa, amene lero amanenedwa kuti ndi ouma mitu osadziwa kusonkherana, ankasonkha aliyense kangachepe kuti mnzawo akadwala apeze namwino, monga timachitira pamaliro kwathu, pamene mbale ya ufa imachokera khomo lililonse.

Kumigodi kunali kwina. M'misasa ya makampani a malasha, ku Harlan ndi madera ena, nyumba inali ya kampani, sitolo ya kampani, malipiro nthawi zambiri anali tizitsulo ta kampani togulira m'sitolo momwemo, dokotala nayenso wa kampani. Ndalama za dokotalayo ankazidula kumalipiro a wantchito, koma womusankha anali bwana. Munthu akavulala, dokotala yemweyo ndi amene ankalemba kukula kwa bala, ndipo akayamba kulavula zakuda ankangouzidwa kuti ndi mphumu ya akumgodi. Antchito atayesa kugwirizana mu 1931, ku Harlan kunakhetsedwa magazi.

Zinthu zinatembenuka mu 1946. Chaka chimenecho bungwe la antchito a m'migodi la United Mine Workers of America, motsogozedwa ndi a John L. Lewis, linanyanyala ntchito, ndipo pamwamba pa zonse linkafuna thumba la zaumoyo ndi penshoni. Eni migodi atakana, Pulezidenti Harry Truman analanda migodiyo n'kuiika m'manja mwa boma kwa kanthawi, ndipo nduna yawo, a Julius Krug, anasainirana pangano ndi a Lewis. Pa tani iliyonse ya malasha yotuluka pansi, masenti asanu ankapita kuthumba lija. Pofika 1952 anali atafika masenti 40. Gulu lotsogozedwa ndi a Joel Boone, dokotala wa asilikali apamadzi, linayendera misasa, ndipo lipoti lake la mu 1947 linaulula za zimbudzi zotayikira m'mitsinje, madzi oipa ndi zipatala zosayenera dzinalo. Antchito a thumbalo atalowa m'zigwa anakapeza amuna othyoka msana amene anagona pabedi limodzi zaka ndi zaka, zilonda zili mbwee, popanda dokotala wowaona. Anawanyamula pamachira kutsika nawo mapiri, n'kuwakweza sitima ya ku New York ndi ku California, kumene ena anakaphunzira kuyenda ndi ndodo ndipo ena anabwerako pa njinga za olumala, koma ali anthu ndithu.

Pofika 1956 thumbalo linali litamanga zipatala khumi zatsopano, ku Harlan, Hazard, Whitesburg, McDowell, Middlesboro ndi malo ena ku Kentucky, Virginia ndi West Virginia. Madokotala ake ankalandira malipiro okhazikika m'malo molipiritsa wodwala mmodzimmodzi, chinthu chimene mabungwe a madokotala a m'maderawo anadana nacho kwambiri. Wakumgodi ankangoonetsa khadi, iye, mkazi wake ndi ana. Odwala anga okalamba akamasimba za zipatala zimenezi, mawindo ake aakulu ndi mashiti oyera, nkhope zawo zimawala ngati akusimba za tsiku la ukwati. Palibe ngakhale mmodzi amene anandiuzapo kuti zinali zachifundo. Onse amati, "Tinazigula ndi misana yathu."

M'zaka zomwezo, ku Washington kunali nkhondo ina. Mu Novembala 1945 a Truman anapempha Nyumba ya Malamulo kuti ikhazikitse inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse. Bungwe lalikulu la madokotala, American Medical Association, linasonkhetsa mamembala ake madola 25 aliyense, n'kulemba ntchito akatswiri a kampeni kuti afalitse uthenga woti chimenechi ndi chisosholizimu. Pa nthawi imene America ankayang'anizana ndi Soviet Union, mawu amenewo ankamveka monga kumutchula munthu mfiti pamudzi. Ukangomutchula, safunikanso umboni, anthu amamuthawa okha. Pempho la a Truman linafera pomwepo. Mu 1961 bungwe lomwelo linagwiritsa ntchito mawu a Ronald Reagan, amene pa nthawiyo anali wosewera m'mafilimu, ojambulidwa pa mbale ya galamafoni kuti akazi a madokotala aziika pocheza ndi anzawo, pofuna kulepheretsa inshuwalansi ya okalamba. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene anthu andale a kuno anaphunzira luso limene likutipweteka mpaka lero, loti lamulo la zaumoyo sulimbana nalo pofotokoza za m'kati mwake. Umangolipatsa dzina loopsa.

Nanga kalata ya mu 1962 ija inachokera kuti? Kuyambira 1950 a Lewis anagwirizana ndi makampani aakulu kuti makina alowe m'migodi. Makina amodzi ankagwira ntchito ya amuna ambiri, choncho mabanja zikwizikwi anamanga katundu kupita kumafakitale a ku Ohio ndi Michigan. Otsala ambiri analowa m'timigodi ting'onoting'ono timene eni ake sankatha, kapena sankafuna, kupereka masenti 40 aja. Thumba linayamba kuuma. Oliyendetsa anayamba kufafaniza makhadi a antchito amene mabwana awo sankalipira, wantchito wosalakwa n'kukhala wolangidwa, ndipo analengeza kuti zina mwa zipatala zija azisiya. Amuna okwiya ankayenda m'magulu pa magalimoto kukatseka migodi yosalipira. Kunaphulika mabomba, kunalira mfuti. Zipatala zinapulumuka chifukwa mpingo wa Presbyterian unakhazikitsa bungwe lozigula mothandizidwa ndi boma, ndipo bungwelo lilipo mpaka lero, dzina lake Appalachian Regional Healthcare. Koma kwa mabanja ngati la bambo aja khadi linapita osabwerera.

Pa nthawiyo bambo aja anali ndi zaka 15. Anaona bambo awo, munthu amene anamenyera bungwe la antchito lija pa nthawi ya mfuti, atakhala pakhonde kalata ili m'manja. Zimene mnyamata amaphunzira tsiku ngati limenelo sizichoka ndi chikwangwani cha kampeni. Anaphunzira kuti chithandizo chimayenda ndi ntchito ya mumgodi, kuti ntchito ikapita zonse zimapita, ndiponso kuti cholonjezedwa ndi anthu akutali chimalandidwa ndi anthu akutali omwewo. Paja akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Komabe zaka zotsatira zinaonetsa kuti zipani ziwiri za kuno zinkatha kupisa m'mbale imodzi. Mu Epulo 1964 Pulezidenti Lyndon Johnson anakakhala pakhonde la munthu wosauka ku Inez, m'boma la Martin, polimbikitsa nkhondo yolimbana ndi umphawi. Pa 30 Julayi 1965 anasaina lamulo lokhazikitsa Medicare ya okalamba ndi Medicaid ya osauka, ndipo khadi loyamba la Medicare analipereka kwa a Truman. Mkangano unali woopsa, koma pafupifupi theka la aphungu a chipani cha Republican m'nyumba yaing'ono ya malamulo anavotera lamulolo. Ndalama za Medicare zomwezo ndi zimene zinakakamiza zipatala za kumwera kusiya kugoneka azungu kwaokha ndi akuda kwaokha, nkhani imene ine monga namwino wakuda sindingaidumphe. Mu 1968 mgodi unaphulika ku Farmington, ku West Virginia, n'kupha anthu 78. Chaka chotsatira akumgodi oposa 40,000 a m'chigawocho ananyanyala ntchito pofuna kuti mapapo akuda avomerezedwe ngati matenda a pantchito. Lamulo la chipepeso linamenyeredwa ndi aphungu ngati a Carl Perkins a ku Hindman, a chipani cha Democratic, ndipo wolisaina mu Disembala 1969 anali Pulezidenti Richard Nixon wa Republican. Mu 1973 mayi Eula Hall, amene sukulu analekezera ku pulayimale, anatsegula kachipatala ka Mud Creek m'boma la Floyd kothandiza aliyense kaya ali ndi ndalama kaya alibe. Katapsa ndi moto mu 1982, odwala anapitiriza kuonedwa patebulo pansi pa mtengo, chimodzimodzi sikelo ya ana kumudzi kwathu.

Kenako mbale ija inasweka pang'onopang'ono. Mu 1981 malamulo a chipepeso cha mapapo akuda anawaumitsa, moti munthu ankafa mlandu wake uli m'khoti, mkazi wake n'kuyambiranso pachiyambi. Mu 1993 Pulezidenti Bill Clinton anayesa kukonza inshuwalansi ya dziko lonse, zinakanika. Mu 2006 bwanamkubwa wa Massachusetts, a Mitt Romney a Republican, anasaina lamulo lokakamiza aliyense kukhala ndi inshuwalansi, boma n'kumathandiza osowa. Patangopita zaka zinayi Pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo lofanana nalo kwambiri la dziko lonse pa 23 Malichi 2010. M'nyumba ya Senate linadutsa ndi mavoti 60 kwa 39, m'nyumba yaing'ono 219 kwa 212, ndipo pa mavoti omaliza amenewa panalibe wa Republican ngakhale mmodzi amene anati inde. Lamulo linabadwa litavala kale nsalu ya chipani.

M'kati mwake, a Robert Byrd, phungu wokalamba wa West Virginia amene anamwalira chaka chomwecho, anaikamo ndime yobwezeretsa zija zinachotsedwa mu 1981. Munthu amene wagwira mumgodi zaka 15 kapena kuposerapo ndipo mapapo ake alumala kotheratu, lamulo limamutenga kuti ndi fumbi la malasha, pokhapokha kampani ibweretse umboni wotsutsa. Ndipo mwamuna wolandira chipepeso akamwalira, mkazi wake amapitiriza kulandira popanda kukayambanso mlandu. Bambo aja anali atakanidwa kawiri m'mbuyomo. Kachitatu anapambana ndi ndime imeneyi.

Ku Kentucky, bwanamkubwa Steve Beshear anadziwa kuti dzina la a Obama silingagulike m'chigawo chake. Msika wa inshuwalansi wa pa intaneti umene lamulolo linkafuna anautcha kynect, ndipo mu 2013 analengeza kuti Medicaid ifikira akuluakulu onse opeza zochepa, ngakhale opanda ana. Anthu oposa 400,000 analowa mu Medicaid kudzera pakhomo limenelo. Malinga ndi kafukufuku wa Gallup, mu 2013 munthu wamkulu mmodzi pa asanu alionse ku Kentucky analibe inshuwalansi, koma pofika 2015 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 7.5 pa 100 alionse.

Ziwerengero zimenezi ine ndinaziona paphazi la mwana wa bambo aja. Anali wazaka za m'ma 40, ankagulitsa m'kasitolo ka pamalo omwetsera mafuta, ntchito yopanda inshuwalansi. Shuga anamupeza naye kale, koma botolo la insulini ankalitambasula kuti la mwezi umodzi likwane iwiri. Kuphazi kwake kunali chilonda chachikulu ngati ndalama ya chitsulo, chozungulira, chopanda ululu, chimene ankachimanga ndi nsanza yoyera n'kuvala sokosi. Ife anamwino timadziwa kumene chilonda chosapweteka cha munthu wa shuga chimathera. Analembetsa kynect palaibulale, mothandizidwa ndi mtsikana wa kutchalitchi kwawo amene anaphunzitsidwa ntchitoyo. Anaonana ndi dokotala wa mapazi, anayamba kubaya mlingo wokwanira, ndipo patapita miyezi isanu chilonda chinatseka. Tsiku lina ndinamumva akuuza mnzake pafoni kuti alembetse kynect msanga, n'njabwino, si ngati Obamacare ija. Sanali yekha. Mu Meyi 2014 kafukufuku wa NBC News ndi Marist anapeza kuti ovota 57 pa 100 alionse ku Kentucky sankaifuna Obamacare, pamene osaifuna kynect anali 22 okha. Mankhwala amodzimodzi, botolo lomwelo, chosiyana chinali dzina lolembedwa kunja.

Izi zimandikwiyitsa mpaka lero, ndipo sindibisa. Atsogoleri amene ankayenda m'mapiri muno kulonjeza kuzula lamulolo ndi mizu yomwe ankadziwa bwino lomwe kuti kynect ndi mwana wa lamulo lomwelo. Ankadziwa, koma sananene. Mu Novembala 2015 a Matt Bevin anapambana ubwanamkubwa atalonjeza kuthetsa kynect, ndipo anapambana ngakhale m'maboma amene anthu ambiri anali pa Medicaid. Oponya voti anali pafupifupi atatu okha pa khumi alionse olembetsa, ndipo ambiri mwa odwala anga osaukitsitsa sanapiteko n'komwe, ena chifukwa analibe galimoto, ena chifukwa anasiya kalekale kukhulupirira kuti voti imasintha kanthu. Msika wa kynect unatsekedwa. A Bevin anayesa kuika lamulo loti wolandira Medicaid azionetsa kuti akugwira ntchito, woweruza milandu ku Washington analiimitsa kawiri, mu 2018 ndi 2019. Kenako a Andy Beshear, mwana wa a Steve, anapambana ndi mavoti pafupifupi 5,000 okha, n'kuchotsa lamulo lija n'kubwezeretsa kynect. Tangoganizani munthu wa shuga amene moyo wake ukudalira botolo, chaka chino akuuzidwa izi, chaka chamawa izo, malinga ndi amene wapambana.

Koma ndingakhale wabodza nditanena kuti anthu a kuno anangopusitsidwa basi. Lamulolo linali ndi minga yake. A Obama analonjeza kuti wokonda inshuwalansi imene ali nayo adzaisunga, ndipo kwa anthu ambiri sizinatero. Amene ankadzilemba okha ntchito n'kumapeza zongopitirira pang'ono mzere wothandizidwa anaona mitengo ikukwera chaka ndi chaka, kwinaku akuopsezedwa ndi chindapusa akapanda kugula. Ndikudziwa mmisiri wa matabwa amene ankalipira mwezi uliwonse koma osapita kwa dokotala, chifukwa madola zikwi zoyambirira za bilu iliyonse zinali zotuluka m'thumba mwake. Choposa zonsezi, pakati pa 2011 ndi 2016 ntchito za m'migodi ya kum'mawa kwa Kentucky zinachepa kupitirira theka. Chifukwa chachikulu chinali gasi wotsika mtengo amene analanda msika wa malasha, kuphatikizapo kutha kwa malasha osavuta kukumba ndi malamulo oteteza chilengedwe. Koma mwamuna amene dzulo ankalandira malipiro abwino ndi inshuwalansi ya banja lonse, lero akupatsidwa khadi la osauka, saona mphatso m'khadimo. Amaona chizindikiro choti wagwa. Mu Malichi 2016 mayi Hillary Clinton, amene ankapikisana nawo pa chisankho cha pulezidenti, ananena pagulu kuti akumgodi ambiri adzawachotsa ntchito. Anapitiriza kunena kuti anthuwo sadzaiwalika, koma mawu oyambawo ndi amene anafika m'zigwa muno. Boma la Elliott, limene linavotera Democratic pa chisankho chilichonse cha pulezidenti kwa zaka zoposa 140, chaka chimenecho linatembenuka.

Ndiye mkwiyo wanga wina uli pa anzanga a m'mizinda, ophunzira, amene amati ali kumbali ya osauka. Mu 2017, pamene Senate inkavota zofafaniza mbali za lamulolo, chimene chinalephereka usiku wa pa 28 Julayi ndi mavoti 51 kwa 49 a John McCain a Republican atakana kutsatira chipani chawo, ndinali pamsonkhano wina wa anamwino mumzinda. Mnzanga wina, munthu wabwino pantchito, atamva kumene ndimagwira anaseka n'kunena kuti, "Asiyeni awalande, anavotera okha." Ndinalephera kumeza chakudya. Amene ankanenedwawo ndi anthu amene ndimawasambitsa, amene amandipakulira nyemba ndi chigumu cha chimanga ndisanapite, amene agogo awo anasonkha dola ya azamba ndipo makolo awo anatuluka magazi chifukwa cha masenti asanu. Munthu amene umamuseka sangabwere kudzamva kwa iwe za ndime ya a Byrd. M'zaka zonsezi sindinaonepo aliyense, wa chipani ichi kapena icho, akukwera phiri kukakhala pakhonde ndi bambo ngati aja n'kuwafotokozera mwaulemu kuti m'lamulomu muli izi zokukhudzani, izi n'zabwino, izi n'zofunika kukonza. Ena ankawaopseza, ena ankawanyoza, onse ali patali.

Ine ndinawafotokozera bambo aja tsiku lina mu 2018, nditazengereza nthawi yaitali poopa kuti ndilowerera za ndale za eni dziko. Ndinawawerengera ndimeyo pafoni yanga pang'onopang'ono. Anakhala chete, makina aja akulira. Kenako anafunsa ngati zikutanthauza kuti iwo akapita mayi a kunyumba sadzavutika ndi maloya. Ndinati inde, bola lamulolo likhalepo. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Bwanji sanatiuze?" Sindikudziwa kuti pambuyo pake anavotera ndani, ndipo sindinawafunse. Chikwangwani chija sichinazulidwe, koma anayamba kutuma anzawo akumgodi kuti adzandifunse za mafomu a chipepeso.

Anamwalira mu Febuluwale 2020, kunja kukuzizira kwambiri, ali pampando wawo uja. Mayi a kunyumba anadzaza fomu imodzi, ndalama zinapitiriza kubwera popanda khoti. Chitini cha mabisiketi chinapita kwa mwana wamkazi uja, amene akuyendabe ndi mapazi ake onse awiri. Pa 4 Julayi 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo latsopano limene, mwa zina, likufuna kuti akuluakulu amene analowa mu Medicaid pakhomo la mu 2010 lija azionetsa maola 80 pamwezi a ntchito, sukulu kapena ntchito yodzipereka. Nalonso linadutsa ndi mavoti a chipani chimodzi chokha. Mwana wamkazi uja amagwira ntchito, koma maola ake amasinthasintha malinga ndi mmene bwana walembera sabata imeneyo, ndipo kunyumba kwake intaneti imagwira pokhapokha akakwera kamtunda kuseri kwa khola la nkhuku.

Mwezi wathawu ndinakumana naye m'sitolo, ali ndi mdzukulu wake m'ngolo yogulira zinthu. Anandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu ngati nayenso alandire kalata ngati ya agogo ake. Ndinamuuza zoona, kuti ikhoza kubwera. Ndinamuuzanso kuti ikabwera asakaiike m'chitini, andiimbire foni tsiku lomwelo tidzadzaze mafomu limodzi.